Mafuta amene khungu limadzipangira: zimene zigamulo za 2025 zitanthauza kwa anthu a ku Chiparamba

CHIPATA - M'mwezi wa May 2025, maiko a m'bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, pa msonkhano wao waukulu wa nambala 78 mumzinda wa Geneva, anagwirizana kuti matenda a pakhungu aziwerengedwa pakati pa mavuto akuluakulu a umoyo wa anthu. Ganizoli linatsogoleredwa ndi dziko la Côte d'Ivoire. Caka comweco ca 2025 ndico cinali malire amene maiko a m'pangano la Minamata anaika kuti pasakhalenso kupanga, kulowetsa kapena kutumiza kunja zodzola zokhala ndi mankhwala a mercury. Dziko la Zambia lili m'bungwe la WHO, ndipo linavomereza pangano la Minamata mu 2016.

Zigamulo ziwirizi zinapangidwa kutali, koma zimakhudza mlimi wa ku Chiparamba amene amati akagulitsa nshawa kapena mpendadzuwa wace, amapita ku msika wa Kapata mu Chipata kukagula sopo ndi mafuta odzola a banja lonse. Cimene asankha kumeneko cikhoza kulimbitsa khungu la ana ace kapena kuliwononga. Kuti munthu amvetse cifukwa cace, ayenera kuyamba wadziwa za mafuta amene sagulidwa m'sitolo, amene khungu limadzipangira lokha.

Khoma lopyapyala kuposa tsitsi

Mbali ya pamwamba penipeni pa khungu, imene munthu amaikhudza ndi cala, ndi yopyapyala kwambiri. M'malo ambiri a thupi kucindikala kwace ndi pakati pa mamilimita 0.01 ndi 0.02, kutanthauza kuti tsitsi limodzi ndi lalikulu kuiposa. Imacindikala kwambiri ku zikhatho ndi ku mapazi kokha. Mbali imeneyi inapangidwa ndi maselo akufa, aphwatalala, osanjikizana m'mizere pafupifupi 15 kapena 20.

Mu 1983, dokotala wa matenda a khungu wa ku San Francisco m'dziko la America, Peter Elias, anafanizira mbali imeneyi ndi khoma la njerwa. Maselo akufa aja ndiwo njerwa, ndipo mafuta okhala pakati pao ndiwo dothi lomangira. Aliyense amene anamangapo nyumba pamudzi adziwa kuti njerwa zikhoza kukhala zoocha bwino, koma dothi la pakati pace likagumuka, mphepo ndi ciswe zimapeza polowera.

Mafuta omangira khoma limeneli ali m'mitundu itatu. Pafupifupi theka lace ndi ochedwa ceramide, gawo limodzi mwa magawo anai ndi cholesterol, ndipo otsalawo ambiri ndi ma asidi a mafuta. Cholesterol imene anthu amaiopa ikaculuka m'magazi, pakhungu ndi yofunika. Maselo amoyo a pansi amapanga mafutawa, amawasunga m'timatumba ting'onoting'ono, kenaka amawatulutsira kunja pamene selo lili pafupi kufa. Kumeneko mafutawo amayalana m'mizere yothinana imene madzi sadutsamo msanga. Nchitoyi siima, pakuti khungu la pamwamba limasinthika pafupifupi milungu inai iliyonse.

Khomali limagwira nchito mbali ziwiri. Limaletsa madzi a m'thupi kuuluka, ndiponso limachinga tizilombo toyambitsa matenda, fumbi ndi mankhwala oopsa kuti zisalowe. Mafuta amenewa ndi osiyana ndi aja onyezimira pa mphuno ndi pa mphumi pa nthawi yotentha. Onyezimirawo amacokera m'timabowo ta ubweya ndipo amangokhala pamwamba. Sindiwo amene amagwira njerwa zija.

Umboni woyamba wakuti khungu silingakhale popanda mafuta ena unapezeka mu 1929 ndi 1930. George Burr ndi mkazi wace Mildred, pa yunivesite ya Minnesota, anadyetsa makoswe cakudya copanda mafuta konse. Khungu la makoswewo linayamba mamba, ndipo anayamba kumwa madzi ambiri kuposa anzao. Anacira atapatsidwa mafuta okhala ndi asidi wochedwa linoleic. Thupi la munthu silitha kupanga asidi ameneyu. Amacokera m'zakudya monga mpendadzuwa, soya ndi nshawa. Patapita zaka zinadziwika kuti linoleic ndi mbali ya mtundu wina wa ceramide umene umalumikiza mizere ya mafuta ija.

Zimene zimagumula khomali

Cinthu coyamba ndi nyengo. Kucokera mu May kufikira mu August, cigawo ca Kum'mawa cimakhala cozizira ndi couma, ndipo kucokera mu September dzuwa limaomba kwambiri mpaka mvula itayamba. Mpweya ukauma, madzi a m'khungu amauluka msanga. Ndi nthawi imene ana a sukulu amatuwa miyendo kuti mbuu, milomo imasweka, ndipo akuluakulu amacita ming'alu ku zidendene. Anthu ambiri amaona kutuwa ngati nkhani ya maonekedwe cabe, pamene ndi cizindikiro cakuti khoma layamba kugumuka.

Caciwiri ndi sopo. Khungu labwino limakhala ndi asidi pang'ono, pa mlingo wa pH wa pakati pa 4.5 ndi 5.5. Sopo wamba wa mtanda amakhala pa 9 kapena 10, ndipo sopo waufa wocapira zovala ndi wamphamvu kuposa pamenepo. Sopo amatsuka mafuta a pakati pa maselo, komanso amasokoneza kapangidwe ka ceramide watsopano, pakuti nchito imeneyi imafuna asidi uja. M'nyumba imene mtanda umodzi wa sopo umacapa zovala, kutsuka mbale ndi kusambitsa khanda, khungu la khandalo ndilo limavutika koposa. Mwala wokhulira ku mapazi ukagwiritsidwa nchito thupi lonse, umawonjezera vutoli.

Cacitatu ndi nchito ya kumunda. Alimi a thonje ndi fodya amagwira mankhwala ophera tizilombo, ndipo ena mwa mankhwalawa amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Dzanja losweka limawalowetsa msanga kuposa dzanja losalala. Ndi cimodzimodzi ndi matenda. Mwana wodwala mphere akadzikanda mpaka kutuluka magazi, tizilombo tina timalowa pa zilondazo, ndipo nthawi zina timayambitsa matenda a impso. Bungwe la WHO linaika mphere pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha mu 2017.

Pali anthu ena amene amabadwa ndi khoma lofooka. Mu 1991, akatswiri a ku Japan anapeza kuti khungu la odwala matenda oyabwa a eczema lili ndi ceramide wocepa. Mu 2006, gulu la Irwin McLean pa yunivesite ya Dundee ku Scotland linaonetsa kuti kwa ena vutoli limacokera ku cibadwa. Mwana wotere sanalodzedwe, ndipo matenda ace sapatsirana.

Mafuta oyeretsa khungu

Cinthu cacinai ndico cimene cinafikitsa nkhaniyi pa misonkhano ya maiko. Mafuta ambiri oyeretsa khungu amene amagulitsidwa mozemba mu Africa muno amakhala ndi cimodzi kapena zingapo mwa zinthu zitatu izi: mercury, hydroquinone, ndi mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol ndi betamethasone.

Mercury amawononga impso ndi minyewa, ndipo mayi woyembekezera amapatsira mwana wa m'mimba. Poyamba pangano la Minamata, limene linasainidwa mu 2013 ndi kuyamba kugwira nchito mu August 2017, linkalola zodzola zokhala ndi mercury wosapitirira gawo limodzi pa magawo 1,000,000. Msonkhano wacisanu wa maiko a m'panganoli, umene unacitika ku Geneva kumapeto kwa 2023, unacotsa cilolezo cimeneco. Hydroquinone naye, akadzoledwa nthawi yaitali, amabweretsa mawanga akuda bii osacoka, makamaka m'masaya. Madokotala a ku South Africa analemba za vutoli mu 1975, ndipo dzikolo linaletsa mankhwalawa m'zodzola mu 1990. Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa khungu mu 2015, ndipo Rwanda inayamba kuwalanda m'masitolo mu 2018.

Koma pangano la Minamata limakamba za mercury yekha. Silikhudza ma steroid, amene ndiwo amagumula khoma la mafuta mwacindunji. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2003 ndi akatswiri a ku San Francisco anaonetsa kuti kudzola clobetasol kwa masiku atatu okha kumacepetsa mafuta amene khungu limapanga, ndipo khungu likavulala limacedwa kudzikonza. Munthu akadzola kwa miyezi kapena zaka, khungu limapyapyala mpaka misempha kuonekera, limang'ambika mizeremizere, ziphuphu zimabuka, ndipo bala laling'ono limacedwa kupola. Cipere cikadzoledwa steroid cimaoneka ngati cazirala, pamene cikufalikira mobisika. Mankhwalawa akadzoledwa thupi lonse amalowa m'magazi ndipo akhoza kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Cimene cimasoceretsa ogula ndi cakuti pa milungu yoyamba nkhope imaoneka yosalala ndi yowala. Akuluakulu anati cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu akayesa kuleka, nkhope imafiira, imayabwa ndi kutentha, motero amabwerera kukagula ena. Wofuna kuleka pambuyo pa nthawi yaitali afunika kuthandizidwa ndi a cipatala, cifukwa nthawi zina mankhwalawa amayenera kucepetsedwa pang'onopang'ono.

Izi sizitanthauza kuti ma steroid ndi oipa. Ndi mankhwala ofunika amene madokotala amapereka kwa odwala eczema ndi matenda ena, pa mlingo woyenera ndi kwa masiku owerengeka. Mu Zambia, mankhwala amayang'aniridwa ndi bungwe la ZAMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la nambala 3 la 2013, ndipo za mercury ndi zacilengedwe zili m'manja mwa bungwe la ZEMA. Vuto ndi lakuti kacubu ka clobetasol ndi kakang'ono, kamakwana m'thumba la malaya. Chipata ili pafupi ndi cipata ca Mwami colowera ku Malawi, ndipo malire a maiko awiriwa ndi aatali, okhala ndi njira zambiri za pansi. Kulanda katundu pa msika kumathandiza, koma malinga ngati ogula alipo, wogulitsa wina amabwera m'malo mwa amene wagwidwa.

Palinso cinthu cina cimene oyeretsa khungu amataya. Kuda kwa khungu kumacokera ku melanin, imene imateteza ku dzuwa. Anthu acialubino, amene amabadwa ndi melanin yocepa kwambiri, amadwala khansa ya pakhungu akali acicepere, ndipo ndi cifukwa cace mu September 2025 bungwe la WHO linaika mafuta oteteza ku dzuwa pa mndandanda wace wa mankhwala ofunika koposa. Citetezo cimene iwo akucimenyera nkhondo kuti acipeze ku cipatala, ena akulipira ndalama kuti acicotse.

Mpendadzuwa ndi ana obadwa masiku asanakwane

Cigawo ca Kum'mawa cimalima mpendadzuwa woculuka kuposa zigawo zina za Zambia, ndipo m'midzi yambiri anthu amayenga okha mafuta ophikira. Mafuta a mpendadzuwa wamba ali ndi linoleic wopitirira theka, asidi yemwe uja amene khoma la khungu limamufuna. Ici ndico cinacititsa akatswiri kuwayesa pa ana amene khoma lao ndi losakhwima.

Khungu la mwana limakhwima mimba ikafika pafupifupi milungu 34. Wobadwa nthawiyi isanakwane amataya madzi ndi kutentha kwa thupi msanga, ndipo tizilombo timalowa mosavuta. Pa cipatala ca ana ca Dhaka Shishu ku Bangladesh, gulu lotsogoleredwa ndi Gary Darmstadt linatsatira ana 497 obadwa mimba isanafike milungu 33. Zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2005 zinaonetsa kuti ana odzozedwa mafuta a mpendadzuwa anadwala matenda otengera m'cipatala mocepa ndi 41 peresenti poyerekeza ndi osadzozedwa. Lipoti la 2008 la kafukufuku yemweyo linati imfa zinacepa ndi 26 peresenti.

Nkhaniyi ili ndi malire ace. Pamene mafuta omwewo anayesedwa pa makanda ambirimbiri m'midzi ya Uttar Pradesh ku India, ciwerengero ca imfa pakati pa makanda onse sicinatsike. Motero mu 2022 bungwe la WHO linapereka malangizo awiri osiyana. Linati ana obadwa masiku asanakwane kapena ocepa thupi akhoza kudzozedwa mafuta a mpendadzuwa kapena a kokonati, koma linacenjeza kuti umboni wace si wamphamvu kwambiri. Kwa ana obadwa pa nthawi yace ndi athanzi, silinalimbikitse kuwadzoza tsiku ndi tsiku monga njira yopewera matenda a pakhungu.

Kafukufuku wa za ciwerengero ca anthu ndi umoyo wa mu 2018 anapeza kuti pa ana 1,000 alionse obadwa amoyo mu Zambia, 27 anali kumwalira mwezi woyamba usanathe. Kubadwa masiku asanakwane ndi matenda a tizilombo ndi zina mwa zifukwa zikuluzikulu za imfa zotere. Mafuta a mpendadzuwa akhoza kuthandiza, koma salowa m'malo mwa kubereka mwana pacifuwa khungu kwa khungu, kuyamwitsa, ndi kuthamangira ku cipatala. Mafuta a m'cigubu cimene cakhala cotsegula kukhichini, kapena amene anakazingirapo kale, si oyenera pa khungu la khanda, ndipo mafuta alionse sayenera kuikidwa pa mcombo. Bungwe la WHO limalangizanso kuti khanda lisasambitsidwe maola 24 oyamba, cifukwa zoyera zonga mafuta zimene limabadwa nazo ndi citetezo cace.

Si mafuta onse a zomera amene ali abwino pakhungu. Pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2013, akatswiri a ku Sheffield ku Britain anadzoza anthu akuluakulu mafuta a azitona ndi a mpendadzuwa kwa milungu inai. A azitona, amene ndi odula ndipo ambiri amawayesa apamwamba, anafooketsa khoma la khungu, pamene a mpendadzuwa sanaliwononge. Cifukwa cace ndi asidi wina wochedwa oleic, amene amasokoneza mizere ya mafuta ija. Mafuta a nshawa ali ndi oleic wambiri kuposa linoleic. Kafukufuku wina wa ku Britain wa mu 2003 anapezanso kuti ana amene anadzozedwa zodzola zokhala ndi mafuta a nshawa pa khungu lotupa anali pa ciopsezo cokulirapo cakuti thupi lao lidzadane ndi nshawa. M'dera limene nshawa ndi cakudya ca tsiku ndi tsiku, ndi bwino kuti zizipita m'ndiwo ndi m'phala, osati pa zilonda za mwana.

Zimene zili m'manja mwa banja ndi za boma

Makolo akale anali kudzola mafuta a nsatsi akasamba, ndipo nzeru ya kudzola itangotha nthawi yosamba ndi yoona mpaka lero. Khungu likali lonyowa, mafuta amatsekera madziwo m'kati. Vaseline, amene Robert Chesebrough analembetsa ku America mu 1872, sapatsa khungu ceramide, koma amacepetsa kwambiri kuuluka kwa madzi pamene khungu likudzikonza lokha. Glycerine amakokera madzi m'khungu. Zonse ziwiri ndi zochipa ndipo zimapezeka m'timasitolo ta kumidzi. Mafuta odula olembedwa kuti ali ndi ceramide amathandiza ena, koma kafukufuku wa ku England wa mu 2022 pa ana odwala eczema anapeza kuti mitundu inai ya zodzola wamba imene anaiyerekeza sinasiyane mphamvu. Cofunika ndi kudzola mosalekeza.

Kuwonjezera pa kudzola, banja likhoza kupatula sopo wosamba ndi wocapira, kusambitsa ana ndi madzi ofunda osati otentha, ndi kuvala zoteteza manja popopera mankhwala m'munda. Pogula zodzola, ndi bwino kuwerenga zolembedwa pa botolo ndi kukana ziliconse zopanda dzina la wopanga, kapena zosakanizidwa pa msika. Khungu likayabwa, likatupa kapena likacita zilonda kwa masiku ambiri, malo oyenera ndi cipatala ca pafupi, cimene cikhoza kutumiza wodwala ku cipatala cacikulu ca Chipata Central. Mbewa ya manyazi inafera kuuna: amene khungu lao lawonongeka ndi mafuta oyeretsa sayenera kubisala m'nyumba poopa kusekedwa.

Mbali ya boma ndi yokulirapo. Cigamulo ca ku Geneva ca mu May 2025 cimapempha maiko kuti cithandizo ca matenda a pakhungu cizipezeka pa zipatala zazing'ono, ndi kuti ogwira nchito kumeneko aphunzitsidwe kuwazindikira. Kwa anthu a ku Chiparamba izi zitanthauza namwino wodziwa kusiyanitsa cipere ndi eczema asanapereke steroid, mankhwala a mphere okwanira banja lonse, ndi mafuta oteteza ku dzuwa a anthu acialubino pa shelefu ya cipatala ca pafupi. Zitanthauzanso kuti oyang'anira malonda aziyesa zodzola za m'misika pofufuza ma steroid ndi hydroquinone, osati mercury yekha, ndi kulengeza zotsatira zace m'zilankhulo zimene ogula amamva.

Zimenezi zikapanda kucitika, zigamulo za 2025 zidzakhala pa mapepala ku Geneva ndi ku Lusaka, ndipo mtengo wace udzalipiridwa ndi mtsikana amene adzaononge khungu lace asanafike zaka 20, ndi khanda lobadwa msanga limene amayi ace sanauzidwe coyenera kulidzoza.